Kodi Mumadziwa? Mbewu ya Ziweto Nayonso Imasungidwa

Kodi mumadziwa kuti mtundu wa chiweto umatha kutheratu padziko, osatsala ndi chimodzi chomwe? Bungwe la FAO, lomwe limaona za chakudya ndi ulimi pansi pa United Nations, linalengeza mu 2015 kuti mitundu ya ziweto pafupifupi 100 inatha pakati pa 2000 ndi 2014. Sitikunena njovu kapena zipembere ayi. Tikunena ng'ombe, mbuzi, nkhosa, nkhumba ndi nkhuku zimene anthu ankatsekera m'makola mwawo madzulo alionse. Pa mitundu yoposa 8,700 imene inali italembedwa nthawi imeneyo, 17 pa 100 iliyonse inali pangozi yoti ikhoza kutha.

Kodi mumadziwa kuti mitundu yambiri siitha ndi mliri kapena chilala, koma imasungunuka m'khola momwemo? Mukabweretsa nkhunzi yachilendo n'kukweretsa ng'ombe yamakolo, thole limatenga theka la magazi a amake. Thole limenelo likakhala lalikazi n'kudzakweredwanso ndi nkhunzi yachilendo, mwana wake amatsala ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Pofika m'badwo wachinayi, magazi amakolo amakhala atatsala 6 pa 100 basi. Khola n'lodzaza, mwini wake akusekerera, koma mtundu uja wapita.

Kodi mumadziwa kuti ng'ombe ya linunda imene imakoka ngolo m'mbali mwa msewu wa M5, pakati pa Golomoti ndi Mtakataka, ili ndi dzina m'mabuku a akatswiri? Amaitcha Malawi Zebu, ndipo ndiyo yochuluka koposa pa ng'ombe zonse za m'dziko muno. Abale ake ali kutsidya kwa malire. Kum'mawa kwa Zambia amaitcha Angoni, ndipo ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amaitcha Angone. Kuno kwa Kachindamoto, kumene ufumu ndi wa Angoni a Maseko, dzinalo silingadabwitse munthu. Chodabwitsa n'chakuti ng'ombeyi si ya mtundu umodzi ndi ng'ombe za Nguni za ku South Africa, kumene Angoni anachokera. Za Nguni zili ndi kalinunda kakang'ono chakukhosi, pamene yathuyi linunda lake ndi looneka bwino, lokhala paphewa, mofanana ndi ng'ombe za ku Tanzania ndi Kenya. Ofufuza ambiri amati Angoni anazipeza m'njira, pa maulendo awo a kumpoto kwa Zambezi m'zaka za m'ma 1800.

Kodi mumadziwa kuti ng'ombe zambiri za chigawo chino cha Africa ndi zidzukulu za zopulumuka? Mliri wa rinderpest unalowera ku Eritrea cha m'ma 1887. Unafika kumpoto kwa nyanja ya Malawi cha m'ma 1892, kutatsala zaka khumi kuti ansembe a White Fathers atsegule mishoni ya Mua mu 1902, ndipo unawoloka Zambezi mu 1896. M'madera ena ng'ombe 9 pa 10 zilizonse zinafa. Kunalibe posungira mbewu yake, choncho zimene zinafa zinapita ndi magazi awo. Matendawa analengezedwa mu 2011 kuti atheratu padziko lonse.

Kodi mumadziwa kuti boma limodzi la Dedza lili ndi nyengo ziwiri zosiyana kotheratu kwa ng'ombe? Pa boma penipeni m'pokwera mamita pafupifupi 1,600. Mukatsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere kufika ku Golomoti, mwatsika mamita ngati 1,000, ndipo juzi mumavulira m'njira. Ng'ombe yamkaka ya Holstein, yamawanga akuda ndi oyera ija, imayamba kuvutika kukangotentha kupitirira madigiri 25: imapumira m'mwamba, imachepetsa kudya, mkaka umatsika, ndipo kutenga bere kumavuta. Kuno kunsi mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 30 mosavuta. Zebu ili ndi ubweya waufupi, imatuluka thukuta bwino, ndipo imayenda mtunda wautali kukafuna msipu ndi madzi. Dzinja likatha imakhala moyo ndi mapesi a chimanga ndi mapesi a mpunga a m'chigwa cha Bwanje, n'kudzanenepanso mvula ikagwa.

Kodi mumadziwa kuti nkhupakupa zimasankha? Zimaluma ng'ombe zonse, koma matenda amene zimafalitsa, makamaka East Coast Fever, amapha ng'ombe zachilendo msanga kwambiri kuposa zamakolo zimene zakulira m'dera la matendawo. Mathole a Zebu nawonso amafa, tisaname, koma ambiri amapirira n'kukhala ndi chitetezo. Katemera wa matendawa amapangidwa konkuno, ku Lilongwe, pa Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases, ndipo amatumizidwa kumaiko ena a mu Africa.

Zebu ili ndi pake pofooka, ndipo sitibisa. Mkaka wake ndi wochepa, imakula pang'onopang'ono, ndipo imachedwa kubereka koyamba. Mlimi wa kumapiri amene ali ndi khola lofolera, nsenjere, madeya ndi msika wa mkaka akuchita bwino kuweta ng'ombe yokweretsa ndi Holstein kapena Jersey. Koma walira mvula walira matope: ng'ombe yotero imafuna dibi wosadumphitsa, madzi ambiri tsiku lililonse ndi mankhwala. Cholakwika n'kuitenga ngati yankho la khola lililonse, ngakhale khola la pansi pa mlambe ku Mtakataka. Ndipo tisaiwale kuti ng'ombe yokweretsayo imapirira chifukwa cha magazi a amake. Amake akatha, mudzakweretsa ndi chiyani?

Kodi mumadziwa kuti nkhuku ya kameta, yopanda nthenga m'khosi ija imene ana amaiseka, ili ndi mwayi kumalo otentha? Nthenga zake n'zochepa thupi lonse, kotero kutentha kumatuluka mosavuta ndipo imapitiriza kudya ndi kuikira pamene zinzake zili wefuwefu pamthunzi. Kansilanga, wa nthenga zopiringizika, nayenso amathandizidwa mwanjira yomweyo. Tsumba, simboti, kawangi, chiphulutsa: maina onsewa akusonyeza kuti nkhuku zachikuda si zamtundu umodzi, ndipo makolo ankazisiyanitsa bwinobwino.

Kodi mumadziwa kuti nkhuku yakuda ya mikolongwe inachokera ku Australia? Dzina lake lenileni ndi Black Australorp. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 boma lakhala likuswetsa anapiye ake ku Mikolongwe, m'boma la Chiradzulu, kenako ku Bwemba ku Lilongwe ndi ku Choma ku Mzuzu, n'kumagulitsa kumidzi kuti atambala ake akwere nkhuku zachikuda. Papita zaka zoposa 60, koma nkhuku yachikuda ikadali mfumu ya pabwalo. Chifukwa chake amachidziwa mayi aliyense: thadzi lachikuda limafungatira masiku 21 osanyanyala, limalera anapiye, limadzifunira chakudya kudzala, ndipo likaona mthunzi wa kabawi limachenjeza ana ake. Chimene chimalipha ndi chitopa, ndipo chitopa chili ndi katemera wa I-2, wodonthezera m'diso, yemwe amapangidwa ku Lilongwe.

Kodi mumadziwa kuti kafukufuku wa mbuzi zathu anachitikira pafupi pompano? M'zaka za m'ma 1980, pa famu ya Lifidzi ku Salima, boma la Malawi mothandizana ndi la Germany linkayesa mbuzi ndi nkhosa zamakolo, pozikweretsanso ndi atonde a Boer ndi nkhosa za Dorper zochokera ku South Africa. Mbuzi yokweretsa ndi Boer imakula thupi pamene pali chakudya ndi chisamaliro chokwanira. Yathu yamakolo ndi yaing'ono, koma imabereka nyengo iliyonse, kawirikawiri mapasa, ndipo imatha miyezi ya chilimwe ikudya masamba a m'tchire ndi nyemba za nsangu.

Kodi mumadziwa kuti amene amachepetsa msinkhu wa mbuzi zathu ndife tomwe? Taonani zimene zimachitika tsiku la msika. Fizi ikufunika, kapena feteleza, kapena kwagwa maliro. Mwini khola amalowa m'khola n'kugwira tonde wamkulu koposa, wonenepa, wokula msanga, chifukwa ndiye abweretse ndalama zambiri. Wabutchala amamugwiragwira pamsana, akambirana mtengo, n'kumumanga pa kaliyala ya njinga. Pofika madzulo tondeyo ali pachiwaya. Kumudzi kwatsala katonde konyentchera kamene palibe anakafuna, ndipo ndi komweko kadzakwere mbuzi zonse za m'mudzimo. Zikachitika chaka ndi chaka kwa zaka makumi awiri, anthu amayamba kunena kuti mbuzi zachikuda n'zazing'ono mwachibadwa. Ng'ombe nazonso n'chimodzimodzi: nkhunzi yadzitho ndiyo imafulidwa kuti izikoka ngolo, yofooka n'kutsala yobereketsa.

Kodi mumadziwa kuti mbuzi zazikazi 100 zokhala ndi tonde mmodzi, pa nkhani ya magazi akatswiri amaziwerenga ngati mbuzi zinayi zokha? Ana onse amakhala a bambo mmodzi. Tonde akakhalitsa m'khola amayamba kukwera ana ake ndi zidzukulu zake, ndipo zotsatira za kukwerana pachibale n'zodziwika: ana ofooka, kufa akadali aang'ono, kuchedwa kukula, kusabereka bwino. Mbuzi imakhala ndi bere miyezi isanu, ndipo kamsoti kamatha kukweredwa kasanathe chaka. Choncho tonde sayenera kupitirira chaka chimodzi kapena chaka ndi theka pakhola limodzi.

Kodi mumadziwa kuti pali midzi m'Malawi muno imene yatembenuza mchitidwe umenewu? Kuyambira cha m'ma 2015, akatswiri a ku Bunda, pa yunivesite ya LUANAR, akhala akugwira ntchito ndi alimi a ku Zombwe m'boma la Mzimba ndi ku Magoti m'boma la Nsanje kusankha mbewu pakati pa mbuzi zamakolo zomwezo. Kamwana ka mbuzi kakabadwa amakaika chizindikiro kukhutu, amakalowetsa m'thumba n'kukapachika pasikelo, kulemera kwake n'kulembedwa m'kaundula pamodzi ndi nambala ya amake. Miyezi ikapita amayezanso. Alimi eni ake amasonkhana n'kusankha atonde aang'ono amene akula bwino koposa. Amenewo amasungidwa n'kumasinthanitsidwa pakati pa magulu, otsalawo amafulidwa, kunenepetsedwa n'kugulitsidwa. Zipangizo zake ndi sikelo, kope ndi mgwirizano. Ine ndikuona kuti pa njira zonse zimene zili m'nkhani ino, imeneyi ndiyo yoyenera kufika msanga kuno kunsi kwa mapiri.

Kodi mumadziwa kuti si kupirira kulikonse kumene kumapatsiridwa kwa ana? M'zaka za m'ma 1980 ofufuza anapeza kuti ku Mchinji nkhumba zambiri zamakolo zinkapulumuka chigodola cha nkhumba, matenda amene kwina amasesa khola lonse. Ku Angónia anapezanso zomwezo. Koma atatenga nkhumba zopulumuka za ku Angónia kukazibereketsa kwina n'kuyesa ana ake ndi kachilombo ka matendawa, pafupifupi onse anafa. N'chifukwa chake kuyamikira ziweto zamakolo kuyenera kuyendera limodzi ndi kuyeza ndi kulemba.

Kodi mumadziwa kuti umuna wa chiweto umatha kuumitsidwa n'kudzagwira ntchito mwini wake atafa kalekale? Njirayi inatulukiridwa ku London mu 1949, pamene Christopher Polge, Audrey Smith ndi Alan Parkes anapeza kuti glycerol amateteza umuna wa tambala kuti usafe ukazizira kwambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kunabadwa mathole oyamba ochokera ku umuna woumitsa. Masiku ano umunawo amausakaniza ndi mankhwala osungira, nthawi zambiri okhala ndi chikasu cha dzira, n'kuuthira m'timachubu tapulasitiki toonda ngati phesi la udzu. Timachubuto amatiika m'thanki ya naitirojeni wamadzi, wozizira madigiri 196 pansi pa ziro. Nkhunzi imodzi ikatapidwa kamodzi imadzaza timachubu mazana angapo.

Kodi umuna woumitsawo umakhala nthawi yaitali bwanji? Ku Australia, akatswiri a University of Sydney anatenga umuna wa nkhosa womwe unaumitsidwa mu 1968 n'kubereketsa nkhosa zazikazi 56 patapita zaka 50. Zokwana 34 zinatenga bere.

Kodi mumadziwa kuti thanki ya naitirojeni ija siifuna magetsi, koma imafuna munthu wosaiwala? Naitirojeni amauluka pang'onopang'ono ngakhale chivundikiro chili chotseka, ndiye pamafunika kuwonjezera pakapita masabata angapo. Akangouma, zonse za m'katimo zawonongeka. Makina opangira naitirojeniyo ndiwo amafuna magetsi, ndipo galimoto yomufikitsa kumidzi imafuna mafuta.

Kodi mumadziwa kuti kubereketsa ng'ombe popanda nkhunzi si kwachilendo kuno kwathu? Malo a boma a ntchito imeneyi anakhazikitsidwa ku Mikolongwe komwe kuja, ndipo amene aigwiritsa ntchito kwambiri ndi alimi a ng'ombe zamkaka. Wobereketsa amafika ndi kathanki kake panjinga. Amatulutsa kachubu ndi kapani, n'kukaviika m'madzi ofunda ngati thupi la munthu kwa theka la mphindi, n'kukalowetsa m'kachitsulo katali koonda. Dzanja lina, lovala pulasitiki mpaka paphewa, limagwira khomo la chiberekero kuti kachitsulo kalowe bwino. Ntchito yonse imatha pa mphindi zochepa. Chovuta ndi nthawi. Ng'ombe imafuna nkhunzi kamodzi pa masiku 21, kwa maola ochepa chabe, ndipo Zebu zambiri zimasonyeza zizindikiro mobisa, nthawi zina usiku. Ng'ombe imene ili kudambo ndi kamnyamata koweta tsiku lonse, mwini wake sangaone msanga kuti nthawi yakwana.

Kodi mumadziwa kuti umuna wokha sukwanira kubwezeretsa mtundu mwamsanga? Umanyamula theka la magazi basi. Zazikazi za mtunduwo zikatha, pamafunika kubereketsa za mtundu wina mibadwo inayi kuti magazi abwerere kufika pa 94 pa 100, ndipo kwa ng'ombe zimenezo ndi zaka zoposa khumi. N'chifukwa chake amasunganso miluza, yomwe imakhala ndi magazi a bambo ndi mayi omwe. Mluza wa masiku asanu ndi awiri amautsuka m'chiberekero cha ng'ombe, kuuumitsa, n'kudzauika mwa ng'ombe ina iliyonse yoti ingobereka. Thole loyamba la mluza woumitsa linabadwa ku England mu 1973, ndipo mmodzi wa amene anachita zimenezo anali Ian Wilmut, yemwe gulu lake linadzapanga nkhosa Dolly mu 1996.

Kodi mumadziwa kuti mtundu wina unapulumutsidwa patatsala ng'ombe imodzi yokha yaikazi? Ndi ng'ombe za pachilumba cha Enderby, kumwera kwa New Zealand. Yotsalayo inkatchedwa Lady. Mu 1998 akatswiri anatenga tizigawo ta thupi lake n'kupanga thole lofanana naye ndendende. Inali ntchito yodula kwambiri, ndipo magazi a mtunduwo anatsala ochepa zedi. Kudikira mpaka pamenepo si nzeru.

Kodi mumadziwa kuti dzira la nkhuku silingaumitsidwe kuti lidzaswe? N'lalikulu ndipo chikasu chake chimawonongeka. Akatswiri a Roslin Institute ku Scotland anapeza njira ina: amatenga tizigawo timene timadzasanduka mbewu kuchokera ku kamwanapiye ka masiku awiri kapena atatu m'dzira, n'kutiumitsa. Pambuyo pake amatibaya m'dzira la nkhuku ina yosapanga mbewu yakeyake. Nkhuku yoswedwayo ikakula imabereka anapiye a mtundu umene unasungidwa uja.

Kodi mumadziwa kuti ngakhale maiko olemera anadzitsekera pakona? Ku America kuli ng'ombe za Holstein mamiliyoni, koma pafupifupi nkhunzi zonse zobereketsa zimachokera kwa nkhunzi ziwiri zokha zobadwa m'zaka za m'ma 1960. Ofufuza atazindikira zimenezi anapita ku nkhokwe ya boma ku Fort Collins, n'kukatenga umuna wakale wa nkhunzi zina kuti adzutse magazi amene anali atasowa.

Kodi mumadziwa kuti ena anaona kale phindu la ng'ombe za kuno? Mu 1988 miluza ya ng'ombe za Tuli za ku Zimbabwe ndi za Boran za ku Zambia inatengedwa kupita ku chilumba cha Cocos, ndipo mathole ake anafika ku Australia mu 1990. Ankafuna ng'ombe zopirira kutentha ndi nkhupakupa. Nkhani ngati zimenezi zinadzutsa funso lakuti eni mtundu amapindula chiyani. Pangano la Nagoya la 2010 limati wotenga chuma chachibadwa cha dziko lina apemphe chilolezo ndipo phindu ligawidwe.

Kodi mumadziwa kuti Africa ili ndi nkhokwe zake zosungira mbewu ya ziweto? Maiko 109 atagwirizana ku Interlaken ku Switzerland mu 2007 kuti ateteze mitundu ya ziweto, nthambi ya African Union yoona za ziweto inathandiza kukhazikitsa nkhokwe zisanu. Ya chigawo chathu chakumwera ili ku Gaborone ku Botswana, zina zili ku Uganda, Cameroon, Burkina Faso ndi Tunisia. Za mbewu zakumunda tinayamba kale: ku Chitedze kuli nkhokwe ya mbewu zamakolo monga mapira, mawere ndi nzama, ndipo ya maiko a SADC ili pafupi ndi Lusaka. Ng'ombe zamoyo za Malawi Zebu zakhala zikusungidwa ndi kuyezedwa pa malo a kafukufuku a Mbawa ku Mzimba ndi Chitala ku Salima. FAO imalangiza kuti mtundu uliwonse usungidwe kuchokera kwa zazimuna zosachepera 25 zosakhala pachibale. Nkhunzi 25, atonde 25, atambala 25: chiwerengero chimenechi dziko lingachikwanitse, ndipo posankha, nthambi ya boma ya ziweto isaiwale za kumalo otentha monga kuno, chifukwa nyengo ikupita kotentha, osati kozizira.

Kodi mumadziwa chimene thanki singachite? Mbewu ya m'thanki imakhala monga inalili tsiku limene inaumitsidwa. Matenda amasintha, msipu umasintha, ndipo chiweto chimene chimasintha nawo limodzi ndi chimene chikubereka m'khola chaka ndi chaka. Thanki imathandiza tsoka likagwa, monga madzi osefukira a namondwe Freddy amene anakokolola ziweto zambiri kumwera mu Malichi 2023. Tsiku ndi tsiku, mtundu uli m'manja mwa mwini khola.

Inu a ku Mua, a ku Golomoti, a ku Mtakataka: chaka chino mukafuna ndalama, gulitsani mfule ndi tonde wotsalira pakukula. Tonde wabwino koposa musiyeni abereke, ndipo chaka chikatha mukasinthane ndi mnzanu wa mudzi wakutali. Ngati mukukweretsa ndi zachilendo, patulani zazikazi zingapo zamakolo kuti zizikweredwa ndi mtundu wawo. Ndipo mukakumana ndi alangizi a ziweto, afunseni kuti gulu losankha atonde liyamba liti m'mudzi mwanu.